Wokonza mpikisano asakhalenso woimbira

Tsiku la msika pa Bembeke, pa Chimbiya kapena pa Linthipe m'boma la Dedza, munthu safunsa kuti amphamvu ndi ati. Amaoneka okha. Ndi anyamata amene amakweza matumba a mbatatesi m'malole kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka. Ndi akabaza amene amakwera zitunda atanyamula munthu ndi katundu wake yemwe. Ndi amayi amene amatsika m'phiri atasenza mtolo wa nkhuni, mwana ali kumbuyo. Madzulo ambiri mwa anthu omwewa amakakhala pa benchi m'nyumba zoonetsera kanema, kapena kuunjikana pa foni imodzi, n'kumaonerera adzitho a maiko akunja akupikisana pokoka zingwe, kunyamula miyala ndi kukwera makoma pofuna kupata mamiliyoni.

Mapulogalamu a mipikisano ya mphamvu ngati awa atchuka kwambiri, ndipo palibe choipa kuwaonera. Amasangalatsa banja lonse, ndipo amalimbikitsa achinyamata kusamala matupi awo m'malo mokhalira kachasu ndi chamba. Koma pali funso limene makolo, aphunzitsi a masewero ndi eni mawailesi a kanema akuyenera kudzifunsa: kodi amene wapatsidwa mphoto pa kanemayo ndiyedi adapambana, nanga woonera angatsimikize bwanji?

Funsoli lili ndi gwero lake. Mu Januwale 2023, kampani ya Netflix idayamba kuonetsa pulogalamu ya ku South Korea yotchedwa Physical: 100. Anthu 100, amuna 77 ndi akazi 23, adasonkhanitsidwa kuti apikisane pa mphamvu ndi kupirira. Mwa iwo mudali asilikali, omenyana, onyamula zitsulo, othamanga ndi ozimitsa moto. Mphoto yake idali ma won 300 miliyoni, zomwe panthawiyo zidali zoposa madola 200,000 a ku America. Pomaliza padatsala anthu awiri: Woo Jin-yong, katswiri wa masewero olimbitsa thupi, ndi Jung Hae-min, katswiri wopalasa njinga. Ntchito yawo idali kukoka chingwe chachitali komanso cholemera chomwe chidakulungidwa pa chigudumu, ndipo woyamba kuchimaliza ndiye mwini ndalama. Oonera padziko lonse adaona Woo akupambana pa mpikisano umene udaoneka ngati wayenda bwinobwino kuyambira poyamba mpaka pamapeto.

Patangopita masiku ochepa, Jung adaulula kuti zimene anthu adaona sizidali zonse. Mpikisanowo udaimitsidwa kawiri uli mkati, ndipo iye adati panthawiyo adali patsogolo ndithu. Okonza pulogalamuyo adakana kuti padali chinyengo. Adati adaimitsa kaamba ka phokoso la zigudumu komanso vuto la zipangizo, ndipo mu Malichi 2023 adaitana atolankhani kudzaona zithunzi zonse zosadula. Adapepesa kuti sadayendetse bwino ndime yomalizayo. Koma madzi akatayika saoleka. Wogonja adatsala ndi madandaulo, wopambana adatsala ndi chikho chimene anthu ena akuchikayikira, ndipo oonera adadziwa kuti chinthu chachikulu chidawabisidwa.

Nkhaniyi ikuonetsa poyera pamene pagona vuto. Pa mpira wa miyendo, kaya ndi pa bwalo la Dedza pomwe timu ya Dedza Dynamos ikusewera, kaya ndi pa bwalo la sukulu ya pulaimale, woimbira sakhala mwini timu, ndipo chilichonse chimachitika anthu akuona. Woimbira akalakwitsa, bwalo lonse ndi mboni. Koma pa mpikisano wojambuliratu, kampani imodzi yomweyo ndi imene imalemba malamulo, imasankha opikisana, imalemba ntchito woimbira, imasunga mphoto, kenako n'kukakhala m'chipinda kusankha zithunzi zoti anthu aone ndi zoti zitayidwe. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Sikuti onse okonza mapulogalamu ndi akamberembere ayi. Koma dongosolo limene limadalira mtima wabwino wa munthu mmodzi, popanda wina womuyang'anira, silingatchedwe lachilungamo.

Kampani ya kanema cholinga chake ndi kukopa oonera ambiri kuti otsatsa malonda abwere. Mpikisano umene wina wapambana mosavuta sukoma kuonera. Mpikisano umene waimitsidwa chifukwa chigudumu chalira suoneka bwino. Choncho chiyeso chokonza zinthu kuti zioneke zokoma chimakhalapo nthawi zonse, ngakhale pamene palibe amene akufuna kubera mnzake. Apa mpamene pamafunika munthu wapadera, wosalipidwa ndi mwini pulogalamu, amene mawu ake ndi omaliza pa nkhani ya malamulo.

Chinthu choyamba chimene mpikisano wachilungamo umafuna ndi malamulo odziwika masewero asadayambe. Chitsanzo chake chidachitika ku America mu 2015 pa pulogalamu ya American Ninja Warrior. Kwa zaka zingapo padalibe amene adamalizapo zopinga zonse za mpikisanowo. Chaka chimenecho anthu awiri adafika pa chopinga chomaliza, chomwe chidali kukwera chingwe chotalika pafupifupi mamita 23 pasadathe masekondi 30. Geoff Britten adayamba ndipo adakwanitsa. Isaac Caldiero adabwera pambuyo pake nakwanitsanso, koma mofulumira ndi masekondi atatu ndi theka. Caldiero adatenga madola 1 miliyoni, Britten adabwerera chimanjamanja ngakhale ndiye adali woyamba m'mbiri ya pulogalamuyo kumaliza zonse. Ambiri adamumvera chisoni, ndipo mpomveka kunena kuti lamulo lopatsa munthu mmodzi zonse ndi louma mtima. Koma palibe amene adanena kuti Britten adaberedwa, chifukwa lamulo lidanenedweratu ndipo wotchi idali poonekera.

Amalawi amadziwa kuwawa kwa lamulo lotere. Mu 2008, pa mpikisano wa Big Brother Africa, Hazel Warren wa kuno kwathu adafanana mavoti a maiko ndi Ricco Venancio wa ku Angola. Pofuna kupeza wopambana, okonza adawerengera kuchuluka kwa mavoti amene aliyense adapeza m'maiko onse, ndipo madola 100,000 adapita ku Angola. Umenewo sudali mpikisano wa mphamvu, koma phunziro lake ndi lomweli: lamulo lothetsera kufanana mphamvu likamveka koyamba usiku womaliza, limaoneka ngati chinyengo ngakhale lidalembedwa kale. Malamulo asamakhale m'kabati ya wokonza. Alengezedwe m'chilankhulo chimene opikisana ndi oonera akumva, ndipo anene momveka chimene chichitike chingwe chikaduka, magetsi akazima, mvula ikagwa kapena awiri akafika limodzi.

Chachiwiri ndi woimbira woima payekha, ndi njira yokadandaulira. Ngakhale mipikisano yakale ndi yotchuka siisowa mikangano. Mpikisano wa World's Strongest Man, womwe udayamba mu 1977, wachitikirapo pafupi ndi kuno: ku Victoria Falls mbali ya Zambia mu 2001 ndi 2003, komanso ku Botswana mu 2016 ndi 2017. Pa wa 2017 ku Gaborone, Eddie Hall wa ku Britain adaposa Hafthor Bjornsson wa ku Iceland ndi pointi imodzi yokha, ndipo Bjornsson adadandaula kuti woimbira adakana kumuwerengera ulendo umodzi umene adanyamula chitsulo. Anthu adatsutsana pa nkhaniyi kwa zaka. Mu 2025 Rayno Nel wa ku South Africa adakhala munthu woyamba wa mu Africa kupambana mpikisanowu, ndipo adaposa wachiwiri ndi theka la pointi. Pamene kusiyana kuli kochepa chonchi, chigamulo chimodzi cha woimbira chimasintha moyo wa munthu. N'chifukwa chake woimbirayo asakhale wodyera m'mbale imodzi ndi mwini pulogalamu.

Chachitatu ndi kuonetsa zoona. Palibe amene akufuna kuti kanema wa ola limodzi aonetse zonse zimene zidajambulidwa tsiku lathunthu. Kudula zithunzi ndi ntchito yovomerezeka. Koma pali kusiyana pakati pa kuchotsa zosafunika ndi kubisa chinthu chimene chikadasintha zotsatira. Mpikisano ukaimitsidwa, ukayambidwanso, kapena wina akapatsidwa mwayi wachiwiri, oonera auzidwe. Chiganizo chimodzi cholembedwa pansi pa kanema chikadapulumutsa mbiri ya Physical: 100.

Pali nkhani ina yovutirapo, imene anthu amakangana kwambiri m'nyumba zoonetsera kanema: kodi n'chilungamo kupikisanitsa anthu osiyana matupi? Pa Physical: 100 yomweyo, Park Hyung-geun, mwamuna womenya nkhonya zosakaniza ndi mateche, adasankha kulimbana ndi Kim Chun-ri, mayi wojintcha, pa masewero olandana mpira. Adamugwetsa pansi namupanikiza ndi bondo pachifuwa, ndipo oonera ambiri adakwiya. Mayiyo adayankha yekha kuti adalowa mpikisano akudziwa malamulo ndipo alibe dandaulo. Adanena zoona, pakuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Komabe n'zoonanso kuti pa anthu asanu omaliza padalibe mkazi ndi mmodzi yemwe, ndipo zimenezi sizidadabwitse aliyense amene adaona mtundu wa ntchito zimene zidasankhidwa.

Apa mpofunika kumvetsa bwino. Amene amasankha masewero amakhala atasankhiratu mtundu wa wopambana. Mpikisano ukakhala wokankha chinthu cholemera, wa thupi lalikulu apambana. Ukakhala wolendewera pa chitsulo kwa nthawi yaitali, wopepuka apambana. Ukakhala wosenza chidebe cha madzi pamutu kukwera nacho phiri la Dedza osataya dontho, mayi wa kwa Kasumbu kapena kwa Kamenyagwaza angasiye ojintcha a mu Lilongwe akupuma wefuwefu panjira. Choncho mawu oti wamphamvu kuposa onse sakhala oona kotheratu. Amatanthauza wamphamvu pa ntchito zimene wokonza adasankha.

Ngakhale malo amene amakondera. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri lake imafika mamita pafupifupi 2,200. Pamalo okwera chotere thupi limalandira mpweya wochepa pa kupuma kulikonse, ndipo amene adakulira komweko matupi awo adazolowera. Mnyamata wochokera ku Nsanje kapena ku Chikwawa atabwera lero kudzathamanga mawa m'chisanu cha Juni, adzakhala atayamba kale kugonja mluzu usadalire. Ndi chifukwa chomwechi othamanga a maiko ambiri amapita ku Iten m'dziko la Kenya, komwe n'kokwera kuposa Dedza, kukakonzekera mipikisano. Kusiyana kotere sikungathetsedwe konse. Chilungamo sichitanthauza kuti matupi onse afanane. Chimatanthauza kuti pamene kusiyana kuli kwakukulu moti zotsatira zadziwikiratu, anthu agawidwe m'magulu.

Masewero a nkhonya adathana ndi vutoli kalekale. Omenyana amakwera sikelo nkhonya zisadachitike, ndipo aliyense amakumana ndi wa msinkhu wake. Ndi dongosolo limeneli limene lidapatsa mwayi Anisha Basheel wa kuno ku Malawi kukapambana lamba wa Commonwealth ku London mu 2018. Akadamuika m'bwalo limodzi ndi mwamuna wolemera makilogalamu 100, luso lake silikadaoneka. Mpikisano wothamanga pa phiri la Mulanje, umene udayamba ngati wa anthu onyamula katundu wa alendo okwera phiri kenako n'kutsegulidwa kwa aliyense, nawonso umapereka mphoto za amuna ndi za akazi padera. Onse amanyamukira pa Likhubula, kukwera mapiri mtunda woposa makilomita 20, n'kubwerera pomwepo khamu likuona. Mpikisano wa pa kanema umene ukufuna ulemu utengere pamenepa. Ngati wokonza akufuna kusakaniza amuna ndi akazi, aakulu ndi aang'ono, asankhe ntchito zosiyanasiyana zoti gulu lililonse lipezepo poonetsera mphamvu zake, ndipo anene poyera mmene mapointi akuwerengedwera.

Chilungamo chimayambira pachipata. Mawailesi a kanema achuluka m'dziko muno kuyerekeza ndi chaka cha 1999 pomwe TVM idayamba yokha. Makampani nawo amayendera m'misika ndi malole a zimkuzamawu kuchititsa mipikisano yosiyanasiyana, ndipo mipikisano ya ojintcha monga ya Mr Malawi ili ndi otsatira ake. Aliyense wokonza mpikisano wa mphamvu n'kuutcha wa dziko lonse adzifunse kuti kalembera wake akuchitikira kuti. Kuchokera pa Dedza kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85. Kwa mwini galimoto ndi pafupi, koma kwa mnyamata wa kabaza ndi ndalama ya minibasi, chakudya, pogona, kuphatikizapo ndalama ya tsiku limene sadagwire ntchito. Kalembera akakhala m'mizinda mokha, kapena pa intaneti pokha, kapena m'Chingerezi chokha, wopambanayo ndi katswiri wa anthu a ndalama, osati wa Malawi.

Chimodzimodzinso mavoti a pa foni. Pa mpikisano woimba kapena wovina, kufunsa maganizo a anthu n'komveka pakuti kukoma kwa nyimbo kuli m'khutu la womvera. Koma mphamvu zimayezedwa ndi sikelo, wotchi ndi tepi. Kulola kuti uthenga wa pa foni wolipira ndiwo ugamule amene wapirira kwambiri ndi kugulitsa chikho kwa amene abale ake ali ndi mayunitsi ambiri.

Nkhani yomaliza ikukhudza moyo weniweni wa ana. Pamene pali mphoto yaikulu, pamabweranso chiyeso cha mankhwala okuza minofu. Ngakhale Mariusz Pudzianowski wa ku Poland, amene adapambana World's Strongest Man kasanu, adachotsedwa pa mndandanda wa 2004 atapezeka kuti adaphwanya malamulo okhudza mankhwala. Mankhwala oterewa amakweza kuthamanga kwa magazi, amaononga mtima ndi chiwindi, amachepetsa mphamvu yobereka, ndipo amatha kumeretsa mabere mwa amuna. Mpikisano umene suyeza opikisana umalanga woona mtima ndi kupereka mphoto kwa wakuba. Choipa kwambiri n'choti umaphunzitsa mnyamata amene akunyamula zitsulo zoumba ndi simenti kuseri kwa nyumba kuti thupi la pa kanema lingapezeke ndi nsima ndi khama zokha. Akalephera, amayamba kufunafuna mapiritsi ndi jakisoni kwa anthu osadziwika.

Mapulogalamu ochepetsa thupi nawo ali ndi phunziro lake. Ku America, pulogalamu ya The Biggest Loser inkapereka mphoto kwa amene wataya gawo lalikulu la kulemera kwa thupi lake m'miyezi yochepa. Kafukufuku wa akatswiri a zaumoyo a boma la dzikolo, yemwe adatuluka mu 2016, adatsatira anthu 14 amene adapikisana nawo ndipo adapeza kuti patatha zaka 6, onse kupatula mmodzi adali atayambanso kunenepa, ena kuposa poyamba. Kanema adaonetsa tsiku la chikondwerero lokha. Zotsatira zake anthuwo adazisenza okha makamera atachoka.

Nanga udindo uli ndi yani? Bungwe la Malawi National Council of Sports ndi mabungwe a masewero amene ali pansi pake ali ndi oimbira ophunzitsidwa, ndipo mpoyenera kuti mpikisano uliwonse wa mphamvu wokhala ndi mphoto ya ndalama uzitenga oimbira kumeneko. Bungwe la MACRA, lomwe limapereka ziphaso kwa mawailesi, liziumiriza kuti malamulo a mipikisano yotere azilengezedwa ndi kuti zithunzi zosadula zizisungidwa kufikira madandaulo onse atamvedwa. Makampani othandiza ndi ndalama akumbukire kuti dzina lawo ndi limene limadetsedwa mkangano ukabuka. Makhonsolo ndi mafumu, asadapereke bwalo, afunse ngati pali wachipatala pamalopo, ndi amene alipire wina akathyoka msana. Mnyamata amene ntchito yake ndi kunyamula matumba, thupi lake ndiye mpamba wake. Akavulala pofuna T-shirt ndi mayunitsi, banja lonse lagona ndi njala.

Opikisana nawo asamasaine pepala limene sadaliwerenge kapena kuwerengeredwa. Afunse kuti woimbira ndani, mphoto ndi zingati, iperekedwa liti, ndipo dandaulo likapita kwa yani. Kufunsa si mwano. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Makolo ali ndi gawo lawo, ndipo ndi losavuta. Poonera mapulogalamuwa ndi ana, awakumbutse kuti kanema ndi chinthu chokonzedwa, kuti zimene zatenga mphindi zisanu pa galasi mwina zidatenga tsiku lonse, ndi kuti wogonja sikuti ndi wopanda pake. Mwana amene waphunzira kufunsa kuti malamulo adali otani, ndipo adagamula ndani, sadzapusitsidwa msanga, kaya ndi pa masewero, pa sikelo ya vendala wogula mbatatesi, kapena pa chisankho.

Anthu a ku Dedza amadziwa kuti thumba likamayezedwa, wogula ndi wogulitsa onse amayang'ana pa sikelo, ndipo wogula akaphimba manambala ndi dzanja mlimi amanyamula katundu wake n'kupita kwina. Mpikisano wa mphamvu ndi sikelo yoyezera anthu. Wokonza akonze, wothandiza apereke ndalama, wojambula ajambule, koma wogwira sikelo akhale wina, ndipo manambala aoneke kwa aliyense.